Kachipewa Koyera Patsinde pa Phiri la Nkhoma

Ukatsika basi pa Kamphata, pamsewu waukulu wochoka ku Lilongwe kulowera ku Dedza, n'kutembenukira kum'mawa, phiri la Nkhoma umaliona lili njo patsogolo pako. Ife tinakulira patsinde pake, m'dera la mfumu Mazengera. Agogo ankatiuza kuti makolo awo ankakhala m'phirimo masiku a nkhondo, kuthawa mikondo ya Angoni, ndipo kumunda ndi kumadzi ankatsikira mozemba. Mtendere utabwera anthu anatsika, n'kumanga midzi pansi, pafupi ndi azungu a mishoni.

Amishoniwo anali a mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa. Ntchito yawo anaiyambira ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 mbusa T.C.B. Vlok anadzakhoma zichiri kuno kwathu. Patapita zaka likulu la mishoni yonse linasamukira ku Nkhoma, malo n'kuyamba kudzaza: tchalitchi cha njerwa, sukulu ya aphunzitsi, nyumba yosindikizira mabuku, shedi ya akalipentala. Chipatala chinatsegulidwa mu 1915. Mu 1962 amishoni anapereka zonsezi m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, ndipo ndi mmene zilili mpaka lero.

Kwathu kulibe fakitale, kulibe minda ya tiyi ngati ku Thyolo, kulibe nyanja ngati ku Salima. Munthu wa ku Nkhoma amadya za khasu: chimanga, mtedza, soya, fodya. Ndalama ya pamwezi kuyambira kalekale inkachokera ku mishoni, ndipo khwawa lake lalikulu linali chipatala. Mayi wogulitsa nkhuni kwa magadiyani, telala wosoka mayunifolomu, mwini golosale, wopha mbuzi pamsika, onsewa ankalidziwa tsiku limene anamwino alandira. Mnyamata wanzeru ankalota uphunzitsi, ubusa kapena ukalaliki ku Lilongwe. Mtsikana anali ndi makomo awiri okha, la choko ndi la kachipewa koyera. M'mbumba mwathu akazi atatu a mibadwo itatu analowera khomo lachiwirili, ndipo mbiri ya ntchito imeneyi kwathu ine ndimaiwerengera pa iwowa.

Woyamba anali amayi aakulu, akulu awo a mayi anga. Analowa sukulu ya anamwino ya pa Nkhoma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, atangokhoza JC. Sanayendeyende ndi makalata. Amayi ena a Chigwirizano anaona mmene mtsikanayo ankasamalira agogo ake odwala, anakamunena kwa abusa, abusa analemba kakalata, basi sutikesi yamalata pamutu ulendo ku mishoni. Sukulu yeniyeni inali pambali pa bedi. Ankaphunzira kuyala bedi wodwala ali pomwepo, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda kumsana, kuwiritsa majekeseni agalasi mumphika, kunola singano zikabuntha, kuchapa mabandeji n'kuwakulunganso kuti agwire ntchito mawa. M'chaka cha uzamba anaphunzira kuika kalipenga kachitsulo pamimba ya mayi n'kumva mtima wa mwana ukugunda. Ankati tsiku loyamba kuumva anaiwala kuwerenga, anangoti kukamwa yasa, mpaka sisitala anawagwedeza phewa.

Masiku amenewo ntchitoyi inali itangoikidwa m'malamulo a dziko latsopano. Boma linatsegula sukulu yake ya anamwino ku Blantyre mu 1965. Chaka chotsatira, 1966, kunakhazikitsidwa khonsolo yoyang'anira anamwino ndi azamba, ndipo chaka chomwecho zipatala za mishoni zinapanga bungwe lawo, limene lero timalitcha CHAM. Kamuzu College of Nursing inadzayamba mu 1979 ku Lilongwe. Kusukulu za bomazi kunkachokera masisitala a giredi yapamwamba, koma anali owerengeka ndipo ambiri ankathera m'zipatala za m'tauni. Amene ankanyamula zipatala za kumudzi anali anamwino a giredi yotsikirapo, ophunzira m'sukulu za mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi Nguludi. Amayi aakulu anali mmodzi wa iwo. Anamaliza maphunziro Lachisanu, Lolemba anali kale mu wodi ya amayi, kanyumba ka pa mishoni atapatsidwa. Ntchito inkamudikirira munthu asanalembe n'komwe mayeso otsiriza.

Ine ndinakhala nawo m'kanyumbako zaka zinayi ndili ku pulayimale, ndipo ntchito yanga ya Loweruka madzulo inali yokupiza simbi yamakala. Yunifolomu ankaiyala pa tebulo pamwamba pa bulangete, simbi ankayamba aipukuta pa chiguduli kuti phulusa lisadetse nsalu. Kachipewa ankakaviika m'sitachi wa chinangwa n'kukamata pa galasi la windo, pofika m'mawa kali gwa ngati khadibodi. Nsapato ankazipaka mankhwala oyera n'kuziika pakhonde. Chomaliza chinali kawotchi kolendewera pachifuwa, kamene ankakapukusa usiku uliwonse asanapemphere. Akatuluka m'mawa, amayi opita kudambo ankapatuka panjira n'kuwomba m'manja, "Mwadzuka bwanji, anesi?" Ife ana tinkayenda pambuyo pawo mapewa ali m'mwamba.

Ulemuwo unali ndi mtengo wake, ndipo ndinauona usiku wina wa dzinja ndili sitandade 5. Tinadzidzimuka ndi kulira kwa mateyala a ngolo pabwalo ndi mawu a bambo wina: "Odi kuno! Anesi alipo?" M'ngolomo munagona mayi amene anavutika masiku awiri kwa azamba a kumudzi. Bamboyo ankaopa kukafika kuchipatala yekha, poganiza kuti akamukalipira chifukwa chochedwa. Amayi aakulu anali atangoweruka kumene. Anatuluka ndi nyali, anagwira pamimba pa mayiyo, anamukoka chikope n'kuyang'ana, kenako anati, "Bambo, kwapulani ng'ombezi, zokamba tikakambira konko." Anakwera m'ngolomo ndi chitenje chogonera. Anabwera dzuwa litatuluka, chitenje chili magazi okhaokha, ndipo asanakhale pansi anauza tonse amene tinawazinga kuti, "Onse awiri ali moyo." Mwana uja anapatsidwa dzina lawo. M'midzi ya kwathu muli akazi angapo, tsopano a imvi, amene ali ndi dzina limenelo pa chifukwa chomwechi.

Chimene chinatchukitsa Nkhoma kutali chinali maso. Dzina la Dr. Blignaut linkamveka mpaka ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo pamsewu wochokera pa Kamphata unkakumana ndi nkhalamba zakhungu, kamdzukulu kali patsogolo katagwira nsonga ya ndodo. Dokotala ankachotsa ng'ala m'kanthawi kochepa, koma kudontheza mankhwala, kuletsa wodwala kutikita diso, kumugoneka bwino ndi kumasula bandeji inali ntchito ya anamwino. Amayi aakulu anagwirako kumeneko zaka zingapo. Ankati m'mawa womasula mabandeji mu wodi munkamveka nthungululu, agogo ena n'kuyamba kudzudzula mdzukulu kuti malaya ake ndi akuda.

Malipiro awo sanali ochuluka, koma pamudzi ankaoneka. Malata oyamba pa nyumba ya agogo anachokera m'thumba lawo. Fizi yanga ya ku sekondale, feteleza wa mayi anga, bokosi pa maliro a atsibweni, zonsezi zinadutsa m'manja omwe aja ogwira simbi. N'chifukwa chake makolo a kwathu akaona mwana wamkazi akukhoza masamu ndi sayansi ankangoti, "Uyu ndi nesi uyu," ngati mmene mlimi amaonera mwana wa ng'ombe n'kudziwa kuti adzakoka ngolo.

Kenako kunabwera matenda aja. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'dziko muno anapezeka mu 1985, ndipo pofika m'ma 1990 panalibe mudzi wa kwa Mazengera umene sunaike mnyamata kapena mtsikana wa msinkhu wogwira khasu. Anthu ankangoti kaliwondewonde, ena magawagawa, ena osatchula n'komwe. M'zipatala zonse za m'Malawi mabedi anachepa, odwala chifuwa chachikulu ankagona ndi pansi pomwe. Namwino anaphunzira kuchiritsa, koma tsopano m'manja mwake munali panado, mankhwala a zilonda za m'kamwa, madzi a dilipi ndi mawu achitonthozo basi. Mankhwala otalikitsa moyo anadzayamba kuperekedwa ulere mu 2004, anthu ambiri atapita kale. Ndipo matendawa sankaopa yunifolomu. Amayi aakulu ali ndi chithunzi cha anamwino anzawo chimene anajambulitsa pabwalo la chipatala. Tsiku lina anandionetsa akuyendetsa chala pankhope iliyonse: "Uyu anapita. Uyu anapita. Uyu anasiya ana anayi." Chala chinafika kumapeto kwa mzere atatsala anthu ochepa.

M'nyengo imeneyi ndi mmene munthu wachiwiri wa m'mbumba mwathu anayambira ntchito, mwana wawo woyamba, mlongo wanga. Iye anakhoza bwino MSCE, anapita ku Kamuzu College of Nursing n'kutuluka sisitala, giredi imene mayi ake ankaiwombera m'manja. Anagwira ntchito m'tauni zaka zisanu, naiti pamwamba pa naiti, wodi yonse namwino mmodzi. Zipatala za ku Britain zinali kufuna anamwino, ndipo zinkatenga a giredi yakeyo. Mu 2003, njala ya 2002 itangotipsinja, anabwera kumudzi kudzatsanzika. Ndinalipo usiku umenewo.

"Mwanawe," anatero amayi aakulu, "odwalawa ukusiyira yani?"

"Amayi, ndalama yanga ikumatha mwezi usanafike pakati. Ana atatu a malemu achimwene ali pakhomo panga. Ndiwadyetsa chiyani?"

Amayi aakulu anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati tigwade tipemphere. Ine mlongo wangayo sindinamuweruzepo. Ana amasiye aja onse anaphunzira, ndipo nyumba imene amayi aakulu akukhalamo lero anamanga ndi iyeyo. Koma anzake ambiri anatenga njira yomweyo, ena ku Britain, ena kumabungwe a ku Lilongwe kumene kunali galimoto ndi maalawansi, ndipo amene anatsala m'mawodi, makamaka a giredi yotsikirapo aja, anasenza denga lonse ndi mitu yowerengeka.

Zitafika pothina, mu 2004 boma linavomera poyera kuti kusowa kwa ogwira ntchito zaumoyo ndi ngozi. Mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi thumba la Global Fund, mu 2005 linawonjezera malipiro awo ndi K52 pa K100 iliyonse, ndipo linathira ndalama m'sukulu za anamwino kuti zizitenga ophunzira ambiri. Kwathu kusinthaku tinakuona ndi maso. Ophunzira anachuluka, anyamata nawonso anayamba kuvala zoyera popanda wowaseka. Maphunziro anakhala a zaka 3, unamwino ndi uzamba pamodzi, ndipo polowera pankafunika MSCE yokhoza bwino sayansi. Amene anali ndi kamalo pafupi ndi mishoni anaumba njerwa n'kumanga nyumba za lendi. Kunabwera masaluni, malo ojambulitsira mapepala, akabaza, ogulitsa tchipisi pachiwaya. Mu 2007 boma linaletsa azamba a kumudzi kubereketsa, mafumu ena n'kuika chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo, ndipo mgwirizano wa boma ndi zipatala za mishoni unalola amayi oyembekezera ambiri kuchira osalipira. Mawodi a amayi anadzaza. Aliyense ankaona kuti manja a anamwino adzafunika mpaka kalekale.

Ndi chikhulupiriro chimenecho ndinalipirira wachitatu, mwana wa mlongo wanga wamng'ono. Kwathu mwini mbumba ndi malume, choncho kalata yomuitana kusukulu itabwera anaibweretsa kwa ine. Ndinagulitsa ng'ombe ziwiri, ndalama ya fodya ya zaka zitatu inapita komweko, mlongo wanga wa ku Britain anathirapo yake. Sitinadandaule. Tinkadziwa kuti tikubzala pa nthaka imene sinatinamizepo. Mwanayo anamaliza mu 2017, anakhoza mayeso a khonsolo ulendo umodzi, laisensi ili m'manja. Tinapha mbuzi, amayi aakulu anavina ndi ndodo yawo.

Koma khomo linali litatsekeka ife tisakudziwa. Kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill mu 2013, kumene anthu amati Cashgate, kunachititsa maiko otithandiza kuleka kuthira ndalama m'bajeti. Boma linayamba kunena kuti thumba la malipiro ladzaza, silingalembe anthu atsopano chaka chilichonse monga kale. Ndipo popeza malipiro a ogwira ntchito m'zipatala za CHAM amachokeranso kuboma, nazonso sizikanangolemba munthu pazokha. Sukulu zija zinapitiriza kutulutsa anamwino, mawodi anapitiriza kulira kuti manja achepa, koma pakati pa ziwirizi panalibe mlatho. Mu 2022 bungwe la anamwino ndi azamba la NONM linafika polengeza kuti anamwino masauzande ali pakhomo, ndipo likufuna kuwapezera ntchito ku America ndi ku Saudi Arabia. Dziko limene mu 2004 linkalira kuti anamwino akuthawa, tsopano linali ndi anamwino oti silikuwalemba.

Mwana wathuyo ali ndi envelopu yakhaki imene yafewa m'makona chifukwa choyendayenda. Muli dipuloma, satifiketi ya khonsolo, ya MSCE, tizithunzi ta nkhope, ndi makope a zonsezi odindidwa kale. Laisensi amailipira chaka ndi chaka kuti isafe, ngakhale chaka chimene sanagwire ntchito. Wagwirapo lokamu pa chipatala china kutali ndi kwathu, naiti zotsatizana, ndalama yake n'kubwera patatha miyezi. Covid-19 atafika mu 2020 anaima pamzere wa maintaviyu kuyambira mbandakucha. Anzake ena anatengedwa, iye dzina silinatuluke. Kolera wa 2022 ndi 2023 atavuta anamuitana kukagwira m'tenti ya odwala miyezi yowerengeka, mliri utatha kontilakiti inathanso. Lero anakwatiwa m'mudzi wina kuseri kwa phiri, ndipo masana amakhala m'kakhumbi kotumizira ndalama pa foni, kabuku ka maakaunti pamwendo. Anthu akabwera kudzatapa ndalama amati, "Anesi, tandionereni mwanayu, watentha thupi kuyambira dzulo." Iye amaika dzanja pamphumi pa mwanayo, amamuyang'ana m'zikope ndi m'manja, n'kunena kuti, "Amayi, musagule mankhwala pagolosale. Thamangani akamuyeze malungo lero lomwe."

Chaka chatha anandifotokozera zimene zinandikumbutsa ngolo ija. Usiku pakati panabwera njinga yamoto pakhomo pake, mnyamata akugogoda: mkazi wake matenda ayamba, ndipo akutaya magazi. Anavala chitenje, anakwera, mayi uja ali pakati iye atamugwira kumbuyo, mpaka pa chipatala chaching'ono cha m'deralo. Anapeza namwino mmodzi yekha, ali ndi amayi ena awiri pa mabedi. Anamufotokozera zonse mwadongosolo lake: mimba yachingati, miyezi ingati, magazi anayamba nthawi yanji, mtima ukugunda bwanji. Namwino uja anamuyang'ana n'kufunsa, "Asisi, ndinu nesi?" Atavomera, anati, "Sambani m'manja, ndigwirireni uyu ndiitane ambulansi." Anagwira mpaka ambulansi inabwera. Kutacha anabwerera wapansi, anasamba, n'kukatsegula kakhumbi kake.

"Amalume," anandiuza, "usiku umenewo ndinamva ngati ndabwerera kwathu."

Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero, chifukwa ndikudziwa kuti alipo ambiri onga iye, ku Nkhoma, ku Nathenje, ku Mitundu ndi kwina konse, ophunzira bwino, a laisensi zamoyo, amene akugulitsa kaunjika pamene namwino mnzawo akugwira wodi yekha usiku. Makolo anachita mbali yawo, anagulitsa ng'ombe. Sukulu zinachita mbali yake. Ana anakhoza. Chatsala ndi chakuti amene amagawa ndalama za dziko aone kuti malipiro a namwino ndi mankhwala, chimodzimodzi dilipi ndi jekeseni, pakuti dilipiyo siidziika yokha pamkono. Kwathu kuno namwino mmodzi akalembedwa ntchito, mayi wa pa njinga yamoto amapeza womulandira, ndiponso telala, mwini nyumba ya lendi ndi mdzukulu wofuna fizi onse amapuma.

Pa mishoni belu likulirabe Lamulungu m'mawa, ndipo chaka chilichonse minibasi zochokera pa Kamphata zimatsitsa atsikana ndi anyamata atsopano ndi masutikesi awo, makolo ali pambuyo atanyamula ndowa ndi matiresi. Anzanga ena amandifunsa ngati n'koyenerabe kugulitsa ng'ombe chifukwa cha sukulu imeneyi. Ndimawauza zonse zimene ndalemba panozi, osabisa kanthu, kenako ndimati mwana ngati mtima wake uli pa odwala, mulekeni apite, pakuti amayi sadzaleka kuchira ndipo ana sadzaleka kutentha thupi.

Amayi aakulu tsopano akuyandikira zaka 80. Ng'ala anawachotsa pa chipatala chomwe chija ankamasulira anzawo mabandeji, ndipo akuona bwino moti amalowetsa okha ulusi pa singano. Mdzukulu wawo amabwera kamodzi pamwezi kudzawayeza kuthamanga kwa magazi. Iwo amatambasula mkono, amayang'anitsitsa mmene akumangira lamba, nthawi zina amamukonza kagwiridwe ka chala pamtsempha. Akamaliza amamufunsa funso lomwelomwelo: "Akuitana?"

"Sanaitane, agogo."

"Yunifolomu uzichapabe, iwe. Nsalu yoyera ikakhalitsa m'sutikesi imachita chikasu."

Ndipo amaichapadi. Ndinadutsa pakhomo pake mwezi wathawu ndinaiona ili pa chingwe, pakati pa matewera a mwana ndi malaya a kumunda a mwamuna wake, ikuuma ndi mphepo yochokera kuphiri.